Kaseti ya Golide ya Chikamori

Ine ndi Chikamori Takuji tinayamba chaka chimodzi ntchito yoyendetsa sitima za mumsewu kuno ku Kochi, tonse tili anyamata. Ine ndinali wolongolola, iye wachete. Nthawi yopuma, anzathu akamasuta fodya kuseri kwa depoti, Chikamori ankakhala pa benchi n'kumawerenga magazini a magemu, mpunga wake ukuzizira pambali.

Magemu anawakonda ali kusekondale. Bambo ake, omwe ankagulitsa nsomba kumsika, anakana kumugulira makina osewerera aja olumikiza ku TV, ati n'zoseweretsa za ana aulesi. Ndiye ankakasewera kwa anzake, kudikira kuti mwini makina atope kaye. Atalandira malipiro ake oyamba anagula makinawo, n'kugulanso makaseti awiri a gemu imodzimodzi. Imodzi anatsegula, inayo anaisunga m'katoni kake. Nditamufunsa chifukwa, anati, "Iyi ikadzatha ndidzatsegula inayo."

Koma makaseti amenewa satha msanga. Zaka zitapita anasiya kugula awiriawiri, n'kumagula imodzi yokha, yosunga. Zosewera zinangozilala zokha. Pamene ana anasamukira ku magemu a pa CD, masitolo a zidole n'kuyamba kutseka, makaseti akale ankatayidwa m'madengu pakhomo pa sitolo, mtengo wake wosafika ndi mbale ya udoni yomwe, chakudya chotchipa chonga supageti. Tsiku lake lopuma Chikamori ankakwera basi kupita ku Aki, ku Susaki, mpaka ku Nakamura, kukafunsa nkhalamba za m'masitolo ngati kuchipinda kwatsalako katundu wakale. Ankafuna okhawo amene sanatsegulidwepo. Makatoni a makaseti akuno sankawakuta m'pulasitiki, munthu umadziwira pa kachivundikiro. Kakangotsegulidwa kamodzi pamatsala kamkwinya, ndipo sikachoka. Chikamori ankatha kuyang'anitsitsa kachivundikiro kamodzi mpaka ine kumaliza kudya.

Anakwatira Harumi, mayi wansangala amene ankaphika chakudya cha ana pa sukulu ya pulayimale, ndipo anabereka mwana mmodzi, Nozomi. Ankakhala pa nyumba yosanja, pansi pa banja lina lomwe linali pamwamba penipeni. Zipinda zinali ziwiri. Chozizira bwino, chosalowa dzuwa, chinali cha makaseti. Chinyezi cha ku Kochi mumachidziwa, chimameretsa nkhungu ndi pa lamba yemwe, choncho m'chipindamo munkalira makina oyamwa chinyezi chaka chonse, makatani ali otseka. Anthu atatuwo ankagona m'chipinda chotentha.

"Alamu, ife m'nyumba muno ndife alendo," Harumi ankandiuza ndikapitako. "Eni ake ali umo. Vulani masokosi onyowawo musanawapatse moni."

Ankanena akuseka, ndipo sindinamumvepo akudandaula kuposa apo. Mwamuna wake sankamwa, sankatchova juga, malipiro ankafika onse pakhomo. Tchimo lake linali makatoni basi.

Mwa makaseti onsewo, imodzi ndiyo inali mfumu. Kalekale kampani ina yopanga udoni wa m'mapaketi, yomwe inatha kale, inachititsa mpikisano, ndipo opambana ochepa analandira kaseti yonyezimira ngati golide, ya gemu imene sinagulitsidwepo m'sitolo. Chikamori anaipeza ku Susaki kwa mayi wina wokalamba amene ankatseka sitolo yake ya maswiti. Mwana wa mayiyo ndiye anapambana, koma mphotho inafika iye atapita kale ku Osaka, ndipo sanaifunsepo. Chikamori anathandiza mayiyo kutsitsa mashelefu tsiku lonse, ndipo madzulo ake mayiyo anamupatsa kasetiyo pamodzi ndi thumba la maswiti otsala. Anaiika m'kabokosi kagalasi, pakati pa shelefu, atakakuta nsalu kuti kuwala kusafikepo. Kasetiyo sanaionepo ndi maso. Ankangodziwa kuti ili m'katonimo chifukwa cha kulemera.

Kwa zaka zambiri zimenezi zinali zoseketsa chabe pa depoti. Zinasintha pamene anthu a ku America anayamba kutsekera magemu akale m'mabokosi olimba, kuwapatsa malikisi ngati ana a sukulu, n'kumawagulitsa pa mitengo yogulira nyumba. Mphepo imeneyi inafika kuno. Mtolankhani wa magazini ina anabwera kudzajambula chipinda cha Chikamori, n'kulemba dzina lake, tauni yake ndi ntchito yake. Chikamori anagula magazini atatu, akunyadira. Sipanapite mwezi foni yake inayamba kulira usana wonse. Anthu osawadziwa ankabwera pa depoti kudzamufunsa. Wina anakwera sitima yake, n'kuima kumbuyo kwake kuchokera koyambira mpaka kothera, akumunong'oneza mitengo.

Kenaka tinamva kuti akuba athyola nyumba ya wosunga magemu wina kumpoto uko, n'kusesa zonse. Chikamori anawonjezera maloko pachitseko. Anasiya kupita kulikonse. Nozomi, amene anali atakwatiwa ku Sapporo, anachira mwana wamkazi, koma Harumi anapita yekha kukaona mdzukulu. Yunifolomu ya Chikamori inayamba kumukulira.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditasiya kuyendetsa, ndili mu ofesi kugawa ntchito kwa madalaivala. Tsiku lina ndinamuitana.

"Iwe, wadziona pa galasi? Ukuoneka ngati nsomba youma. Gulitsa zinthuzo."

"Ndigulitse kwa ndani? Kwa aja amazitsekera m'mabokosi n'kukaziika ku banki?"

"Nanga iwe ukuchita chosiyana n'chiyani?"

Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Okabayashi, ndachita kanthu. M'kabokosi kagalasi muja ndachotsamo ya golide, ndaikamo ya gofu. Katoni kake n'kachikasu, kukula kwake chimodzimodzi. Wakuba akabwera athamangira yomweyo."

"Yeniyeniyo ili kuti?"

"Pamwamba pa kabati, m'bokosi la nsapato, kufupi ndi denga."

"Alamu akudziwa?"

"Amalankhula kwambiri ndi anzawo kumsika. Bola asadziwe."

Ndinamuuza kuti mutu wake wayamba kuwonongeka, ndipo anavomera.

Moto unabuka mu Ogasiti, masana, sukulu zili pa tchuthi. Mayi wa banja la pamwamba lija anasiya mafuta pamoto n'kukayankha foni. Woyang'anira nyumbayo ndiye anaimba ku ofesi kwathu. Chikamori anali akuyendetsa sitima, chapakati pa tauni. Ndinatumiza dalaivala wina kukamulandira, ine n'kukamutenga pa galimoto yanga. M'njira monse ankaimbira Harumi. Foni inkangolira. Akadula, n'kuimbanso.

Titafika tinapeza utsi wakuda ukutuluka m'mawindo a pamwamba, ozimitsa moto akupopera madzi, anthu a m'nyumbamo ataima tsidya lina la msewu, ena osavala nsapato. Chikamori anayenda pakati pawo akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Bambo wina wokalamba wa chipinda choyandikana nawo anamugwira mkono.

"A Chikamori, akazi anu anatuluka nafe bwinobwino. Atafika pansi pano anabwereranso m'mwamba. Tinawaletsa koma sanamve."

"Ali kuti?"

"Ozimitsa moto awapeza pa masitepe. Ambulansi yawatenga posachedwapa."

"Amapuma?"

"Sindinaone bwino. Anthu anali ambiri."

Ulendo wa kuchipatala sindiukumbuka, ndimangokumbuka kuti chipewa chake cha ntchito anachipinda mpaka kuthyola chipepala cha kutsogolo kuja. Namwino anatilozera kuseri kwa katani. Harumi anali atakhala tsonga pa bedi, chipangizo cha mpweya kumphuno, nkhope yakuda ndi mwaye, maso ofiira. Anali moyo, ndipo atationa anakweza dzanja. Pamiyendo pake panali kabokosi kagalasi kaja, atakakulunga mu epuloni. Anatsitsa chipangizocho n'kulankhula ndi mawu osasa.

"Bambo a Nozomi, musade nkhawa. Ndaipulumutsa. Sinanyowe."

Chikamori anayandikira. Anangokhala pansi pa simenti, n'kugwira phazi la mkazi wake, mutu ataugoneka m'mphepete mwa bedi. Kabokosiko sanakayang'ane. Harumi anandiyang'ana ine.

"Alamu, awa atani? Auzeni kuti ili bwinobwino."

"Amva, alamu. Bwezeretsani chinthucho kumphuno."

Dokotala anati utsi anaumeza ndithu, koma mapapo sanapse, agona masiku ochepa n'kutuluka. Tinatuluka panja, ndinamugulira tiyi wozizira wa m'botolo. Anamwa theka nthawi imodzi.

"Okabayashi, mkazi wanga anabwerera mu utsi chifukwa ankaganiza kuti ndikafika ndiyamba kufunsa za kaseti."

"Ukanafunsa?"

"M'galimoto muja sindinaiganize n'kamodzi komwe. Ndangoikumbuka nditaiona pamiyendo pake." Anapukuta nkhope ndi mkono wa yunifolomu. "Ndinkaopa kuti ndine munthu woti ndingafunse. Ndiye kuti sindinafike pamenepo."

Patapita masiku awiri anatilola kulowa m'nyumba. Moto sunatsike kwa iwo, koma madzi onse amene anathiridwa pamwamba anadutsa m'denga lawo. M'chipinda cha makaseti denga linali litagwa. Makatoni aja, amene kwa zaka zonsezi dzuwa silinawaonepo, anali atafufuma ngati buledi wogwera m'supu, mitundu itasungunukirana. Bokosi la nsapato pamwamba pa kabati ndilo linayamba kulandira madziwo. Chikamori analitsitsa, n'kutulutsa katoni ka golide, ndipo kanangophwasukira m'manja mwake. Kaseti inatsala pa chikhatho, yonyowa, yonyezimira.

Ndinakonzeka kumugwira ngati angagwe. Iye anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye ndi yotere," anatero. "Ndinkayesa kuti ndi yowala kuposa apa."

Anaiika m'thumba la malaya. Anakazula pulagi ya makina oyamwa chinyezi, amene anali atafa kale, n'kukankha windo limene linali litauma m'mafelemu. Mphepo yotentha inalowa. Anaima pamenepo kanthawi, akupuma mokoka, kenaka anati tiyambe kunyamula.

A inshuwalansi anawerengera zonsezo ngati zidole zakale, ndipo Chikamori sanatsutse. Banjalo linadzakhala kwathu podikira kupeza nyumba ina. Madalaivala anzathu, omwe aja ankamuseka, anabwera tsiku lawo lopuma kudzathandiza. Tinachotsa makaseti m'makatoni ovundawo, tinawatsuka ndi madzi oyera, n'kuwayala pa mikeka kuseri kwa nyumba yanga, mumthunzi. Bwalo lonse linadzaza, ofiira, abuluu, akuda, oyera. Amuna aimvi ankanyamula imodzi n'kuyamba kukangana za amene ankaimaliza ali mwana. Chikamori ankayenda pakati pawo wopanda magolovesi amene ankagwirira makaseti kale, akuwauza mayina ndi zaka zake, ndipo ndinamumva akuseka mokweza, zimene ndinali nditaiwala kuti amatha.

Chotsala chinali kuuza Harumi. Kabokosi kagalasi anali nako pafupi ndi pilo chitulukireni m'chipatala, nsalu yake ili pomwepo. Chikamori ankati amuuza akapezako mphamvu, ndipo tsikulo linkangosunthira kutsogolo. Harumi anadziwira yekha. M'mawa wina anatuluka kukayanika zovala, n'kuona chinthu chonyezimira pa mkeka. Ine ndi mkazi wanga tinali pakhonde tikumwa tiyi.

"Bambo a Nozomi, bwerani kuno. Iyi ndi chiyani?"

Chikamori anabwera akukoka mapazi.

"Ndi ya golide ija."

"Zinalipo ziwiri?"

"Ayi. Imodzi."

"Nanga yomwe ndili nayo kuchipinda?"

Anafotokoza zonse, za akuba, za bokosi la nsapato, maso ali pansi ngati mwana woswa mbale. Harumi anamvetsera mpaka kumapeto, malaya onyowa ali m'manja.

"Ndiye ndi ya chiyani?"

"Ya gofu."

"Gofu. Ndi yodula?"

"Imapezeka paliponse."

"Ndinameza utsi wonse uja chifukwa cha gofu." Anakhala pa sitepe. "Ndipo simunandiuze chifukwa chiyani?"

"Ndinkaopa kuti mungatchule kumsika."

Harumi anamumenya ndi malaya onyowa aja paphewa, kawiri, mwamphamvu ndithu. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kukasanduka chifuwa, mkazi wanga n'kuthamangira madzi. Atapezako bwino anapukuta misozi n'kunena kuti, "Wakuba wanu uja ndinali ine." Analowa m'nyumba, ndipo tsiku lonselo sanamulankhule. Chikamori anayanika zovala zotsalazo yekha. Madzulo anakagwada pakhomo pa chipinda n'kupepesa, osati za gofu zokha ayi, ndinamva akutchula ndi za ku Sapporo. Ife tinakweza TV kuti tisamve zambiri. M'mawa mwake Harumi anamuphikira mazira.

Makaseti atauma tinalumikiza makina akale a Chikamori ku TV yanga. Ambiri anagwira ntchito ngati sanaonepo madzi. Ena anafa, makamaka aja okhala ndi kabatire m'kati, ndipo titawatsegula tinapeza kuti mabatirewo anali atatuluka madzi kalekale n'kudya mawaya. Anafera m'makatoni awo okongola, moto usanabwere n'komwe. Chikamori anangogwedeza mutu.

Ya golide tinaisungira Loweruka, anzathu onse alipo, Harumi atakhala kutsogolo. Iye ndiye analamula kuti iseweredwe, ati akufuna aone chimene ankapikisana nacho. Chikamori anaiuzira mpweya kunsi monga tinkachitira kale, n'kuilowetsa. Kanyimbo kanalira. Pa TV panaoneka kamunthu pa njinga, kanyamula mbale za udoni zosanjikiza. Ntchito yake inali kupita kutsogolo basi. Kakagunda mwala mbale zinkagwa, n'kuyambiranso. Pambuyo pa mwala pankabwera galu, pambuyo pa galu mwala wina. Chikamori anagwa kangapo, kenaka anafika pa kanyumba, ndipo panatuluka mawu akuluakulu otiuza kuti tizidya udoni wa kampani ija tsiku lililonse. Gemu inathera pomwepo.

Tonse tinadikira ngati kubwera china.

"Yatha?" anafunsa Harumi.

"Yatha."

"Bola gofu," anatero dalaivala wina, ndipo nyumba yonse inagwa ndi phwete. Chikamori anaseka mpaka kugona chagada pa mkeka.

Anapeza nyumba yaing'ono ya pansi chakumadzulo kwa tauni. Makaseti amene anapulumuka anawaika m'madengu apulasitiki, ndipo aliyense wobwera amatha kuvundula n'kusewera. Ambiri anagawira anzathu. Ku Sapporo anapita limodzi ndi Harumi mdzukulu atayamba kukwawa, n'kubwerako ndi zithunzi zimene anationetsa mpaka kutitopetsa. Ya gofu ija Harumi anakana kuti itsegulidwe, ati ndi yake, anaigula ndi mapapo.

Ya golide anaganiza zoigulitsa. Ngakhale yopanda katoni inali yosowabe, kungoti mtengo unali utatsika kutali ndi umene ankamunong'oneza kale. Wogula anachokera ku Tokyo, mnyamata wa zaka za m'ma makumi atatu wogwira ntchito ya makompyuta, waulemu kwambiri. Chikamori anandipempha kuti ndimuperekeze. Tinakumana m'nyumba yomwera khofi pafupi ndi siteshoni. Mnyamatayo anavala magolovesi oyera, anayang'ana kasetiyo ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Khofi wake sanamukhudze. Atamaliza zolipira anaiika m'kabokosi ka thonje, kabokosiko m'chikwama, chikwamacho n'kuchikumbatira pachifuwa.

"Akuluakulu, ndifunseko. Chinyezi chabwino chosungira ndi chotani?"

Chikamori anamuyankha bwinobwino, osamuseka. Anamuuza za chinyezi, za dzuwa, za kupewa khoma loyang'ana kunyanja. Mnyamatayo ankagwedeza mutu pa mawu alionse.

"Muli pa banja, achimwene?" anafunsa Chikamori.

"Ayi, koma ndili ndi chibwenzi. Tikuganiza za chaka chamawa."

"Mukadzaibisa, mudzawauze mayiwo pamene mwaibisa."

Mnyamatayo anaseka mwaulemu, osamvetsa, n'kuthamangira basi ya ku bwalo la ndege, chikwama chili pachifuwa. Tinamuyang'ana mpaka anakhota.

Kuchoka apo tinalowa mumsika, kumene amawamba nsomba ya katsuo pa moto wa mapesi a mpunga. Chikamori anaitanitsa mbale yaikulu, ya mchere ndi adyo wambiri, atamaliza n'kuitanitsa ina. Ndinamuyang'ana akudya, mafuta akutsikira kuchibwano.

"Okabayashi," anatero akupukuta pakamwa, "Lamlungu likubwerali ungandipezere munthu wondigwirira? Mayi a Nozomi akufuna tikaone achemwali awo ku Shimanto. Akuti tikagone komweko."

Ndinamuuza kuti ndipeza, ndipo ndikapanda kupeza ndiyendetsa ndekha.